Ndalama ya chilimba ninagulira peni ya ku Japan

Pa chilimba chathu tili anthu khumi, ndipo aliyense ikafika nthawi yake yotenga amakamba zimene azachita nayo ndalama. Wina malata, wina fuliji, wina belo ya salaula. Ine ninati peni. Anaseka mpaka misozi. Kunyumba kunalibe kuseka. Amai a ana ananiyang'ana nthawi yaitali, ndiye anati: "Imwe atate ake mwana, mabolopeni anasila pa kantemba?"

Funso lawo linali la zoona, chifukwa peni imeneyi inadya pafupi malipiro anga a mwezi wathunthu. Nisebenza mu shopu ya hardware ku Kamwala, sindine bwana. Tinapangana kuti lendi ndi fizi ya ana zilipiridwe poyamba, ndipo pasakhale kaloba olo ngwee imodzi. Zitatheka izo, yotsala inali yanga.

Manje lekani nikuuzeni chimene ninagula. Ni peni ya inki, monga zija analembera nazo makolo athu, koma thupi lake ni la ebonite. Ebonite ni labala, yomweyi ya matayala, koma yophikidwa nthawi yaitali ndi salufa yambiri mpaka kuuma gwa monga mtengo. Dzina lake linachokera ku ebony, mtengo wakuda wolimba. Ku America, Nelson Goodyear anatenga chilolezo cha labala youma imeneyi mu 1851, ndipo pulasitiki isanabwere mapeni ambiri anali a ebonite. Mpaka lelo oimba saxophone ambiri amaluma ebonite pakamwa pa chida chawo.

Pulasitiki amaisungunula n'kuithira mu chikombole, mapeni masauzande pa tsiku. Peni ya ebonite yopanga pamanja siyenda choncho. Mmisiri amatenga kamtengo ka ebonite, kuika pa makina ozungulutsa, n'kuyamba kusema. Ena ku Japan akali kusebenzesa makina akale otchedwa rokuro, oponda ndi mwendo monga makina a telala. Mazinga otsekera chivundikiro amadulidwa pa peni imodziimodzi. Ndiye chifukwa chake sumapita chabe kukatola pa shelufu. Umaoda, umalipira, umayembekeza.

Opanga otere ni ochepa. Ku Tokyo, mu dera la Arakawa, kuli fakitale ya Nikko Ebonite imene inayamba mu 1952. Imapanga ebonite yeniyeniyo, ndipo mapeni ake amatchedwa Eboya. Kuli Nakaya, imene Toshiya Nakata anayambitsa mu 1999 poitana amisiri opuma nchito a kampani ya Platinum kuti abwererenso pa benchi. Mapeni ake ambiri amapakidwa urushi, utomoni wa mtengo umene amisiri a ku Wajima amadziwika nawo, kupaka, kuumitsa, kupakanso kambirimbiri. Ku Tottori kuli Hakase, shopu ing'ono imene mzere wake umapitirira chaka. Ine ninasankha ebonite yopanda urushi, yakuda ya mizere yofiira, chifukwa thumba langa linafika pamenepo.

Koma chimene chinanigwira mtima sichinali kuoneka kwa peni. Inali fomu.

Ukaoda peni yotere, opanga ena amakupatsa mafunso monga kwa dokotala. Umalemba ndi dzanja liti? Umakanikiza maningi kapena pang'ono? Umalemba mothamanga? Zilembo zako ni zazikulu kapena zing'onozing'ono? Peni umaiimika kapena umaigoneka? Mayankho ako ndiye amene mmisiri amatsatira pokonza nibu, kamulomo kaja kamene kamakhudza pepala.

Ine ndine wamanzere. Ku pulayimale, aphunzitsi ena anali kunimenya ndi rula pa zala kuti nisinthe dzanja. Dzanja silinasinthe, koma ninakula nikubisa polemba, ngati munthu amene akudya mobisa pa maliro. Pa mayeso dzanja linali kupaka inki pa pepala lonse. Ku banki bolopeni yomangidwa pa kachingwe nthawi zambiri ili ku mbali ya anzathu. Sizo, chotsegulira chitini, mipando ija ya ku koleji ya kathebulo ku mbali imodzi, zonse zinapangidwira ena. Zaka zonsezi palibe ananifunsapo kuti nigwira bwanji peni. Onse anali kuniuza mmene niyenera kugwirira.

Ndiye usiku uja, pa foni, nikuona funso lakuti dzanja lamanja kapena lamanzere, lolembedwa bwinobwino monga nkhani wamba, ninakhala chete kaye. Ninapempha mwana wanga wamkazi anijambule dzanja nikulemba. Ninatuma chithunzi, pamodzi ndi mizere isanu ya malembedwe anga. Patapita masiku yankho linabwera mu Chizungu chachifupi, chaulemu. Wamanja amakoka nibu pa pepala, wamanzere amaikankha, ndiye anati azasalaza nsonga kuti isakole, ndi kuchepetsako inki kuti iziuma msanga dzanja lisanafike pa mawu. Munthu amene sanayambe waniona, ku dziko limene sinizapondako mwina, anaganizira dzanja langa kuposa onse amene ananiphunzitsa kulemba.

Kuyembekeza ndiye kunali kovuta. Ndalama yachoka pa kadi, katundu kulibe. Mwezi woyamba anzanga ku shopu anali kufunsa tsiku lililonse: "Boyi, ija peni yako ibwera pa njinga?" Mwezi wachitatu mwana anadwala, ndipo ndalama ya mankhwala tinaipeza movutikira. Amai a ana sanakambe kanthu za peni, koma ine ninamva kulemera kwake. Nikamba izi kuti wina asaganize kuti ni masewera. Ngati ndalama imeneyo ndiye yokha ili pakati pa iwe ndi njala, usaode. Peni siithawa.

Wofuna kuyesa adziwenso kuti mtengo wa pa sikirini si womaliza. Pali yotumizira, pali kusintha kwa yen ndi kwacha pa tsiku limene banki idula kadi, ndipo katundu akafika kuno pali msonkho wa ZRA, kuphatikizapo VAT ya 16 peresenti. Werengera zonse usanadinize batani.

Phukusi linafika mwezi wachisanu ndi chiwiri. Chodabwitsa choyamba ni kupepuka. Chachiwiri, ebonite siizizira monga chitsulo ndipo siiterera monga pulasitiki. Imatenga kutentha kwa dzanja, ndipo olo chala chichite thukuta mu October imagwirika ndithu. Ukaipukuta ndi chala n'kununkhiza, umamva kafungo ka labala patalipatali. Ninalemba dzina langa, kuchoka kumanzere kupita kumanja, osakanikiza. Nibu siinakole, inki siinapakike. Amai a ana anatenga pepala, anayang'ana, anati: "Kanshi mumalemba bwino so?"

Peni imeneyi ili ndi malamulo ake. Dzuwa ni mdani wake: ebonite ikakhala pa dzuwa imasuluka, yakuda imayamba kuoneka ya khofi, ndiye pa windo kapena pa dashibodi ya galimoto iyai. Kutsuka ni madzi ozizira chabe, osati otentha. Inki ni ya mapeni a inki yokha. Ija ya pa stampa imatseka njira. Kubwereketsa sinibwereketsa, chifukwa munthu wozolowera bolopeni amakanikiza mpaka nibu kutanuka. Ndipo ku nchito nikali kulemba malisiti ndi bolopeni ya pa kantemba, pakuti peni ya inki siidinda pa kaboni. Iyi ni ya madzulo: buku la ndalama za panyumba, maminitsi a chilimba, makalata kwa amalume ku Chipata amene foni saikonda.

Ena azati ni matama, ndipo ufulu ni wawo. Koma ife a mu komboni nkhani imeneyi tiidziwa kale. Timasiya suti ya mu shopu n'kupita kwa telala kuti atipime mapewa. Timayenda ku Kalingalinga kukauza owotcherera zitsulo kukula kwa geti yathu. Timadziwa kuti nsapato ya chikumba chenicheni shumeka angaisoke kawiri katatu, pamene ya pulasitiki ikang'ambika ni kutaya. Foni imene anzanga ayerekeza ndi peni yanga izafa batire pakapita zaka zochepa. Mapeni a ebonite a zaka pafupi 100 alipo amene akali kulemba, chifukwa amamasulidwa, kutsukidwa ndi kukonzedwa.

Sinikukamba kuti aliyense aode peni ku Japan. Nikukamba kuti kamodzi pa umoyo, munthu wosebenza ayenera kukhala ndi chinthu chimodzi chimene wopanga anayamba wafunsa za iye asanagwire chida. Kwa wina ni mpando, kwa wina ni nsapato, kwa wina ni diresi ya chitenge yosokedwa pa thupi lake lenileni. Ndipo imwe makolo ndi aphunzitsi, mukaona mwana watenga pensulo ndi dzanja lamanzere, musiyeni. Mupendekereni chabe buku pang'ono kumanja, mumukhazike ku mbali yamanzere ya desiki kuti zigongono zisagundane ndi mnzake, basi. Dzanja lake lilibe mlandu.