Ngolo Yanga ya Kuuzimba

Kwathu ndi ku Domwe, m'boma la Angónia. Dziko lathu ndi la mapiri, zigwa ndi mitsinje. Phiri la Domwe limaposa mamita 2,000 kutalika kwake. Njira zathu zambiri ndi za miyala, ndipo m'dzinja zimaterera.

Pa nthawi ya nkhondo tinathawira ku Dedza, m'dziko la Malawi. Pangano la mtendere linasainidwa pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tinabwerera kwathu mu 1993. Tinapeza minda yathu itasanduka thengo. Nazo nyama zinali zitaculuka: agwape, akalulu, nkhanga ndi nguluwe. Nguluwe zinkatha cimanga usiku. Motero m'cilimwe amuna tinkapita kuuzimba ndi agalu ndi mikondo, kuti titeteze minda ndiponso tipeze ndiwo.

Vuto linali pobwerera. Nguluwe yaikulu imalemera kuposa thumba la cimanga la makilo 50. Tinkaimangirira pamtengo ndi kuinyamula pamapewa anthu awiri, kukwera ndi kutsika zitunda. Pofika kumudzi mapewa anali atatupa. Tsono ine ndinaganiza zopanga ngolo yaing'ono yoti izitha kuyenda m'njira zoipa.

Ku Ulongwe ndinapeza ekiselo ya galimoto yakufa, pamodzi ndi matayala ake awiri. Ndinalipira matumba awiri a nyemba. Ndinaceka matabwa a bulugamu, ndinagula mabauti ndi misomali, ndi kuyamba nchito. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinkati: "Ngolo ndi bokosi cabe lokhala pa matayala." Matayalawo ndinawaika kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, cifukwa ndinkafuna kuti ngolo yanga izioneka ngati lole.

Ine ndinali ndi ng'ombe imodzi yokha. Inzake ndinakabwereka kwa alamu anga. Iwo anandiuza kuti: "Tengani alamu, koma muisamale. Mvula ikagwa ndiyo idzandilimire."

Tsiku la uzimba tinapha nguluwe ziwiri ndi gwape mmodzi. Tinapakira nyama m'ngolo, ndi kuonjezapo nkhuni. Anyamata awiri anakweranso. Tonse tinali kuimba. Ine sindinaone kuti ng'ombe zikuyenda mitu itawerama.

Titafika potsetsereka pa mtsinje, ngolo inayamba kukankha ng'ombe. Tinalibe coimitsira. Ng'ombe ya alamu inagwa cogwada pamiyala, ndipo goli linaipanikiza pansi. Tinathamanga kukadula zingwe. Inadzuka, koma bondo linali litasupuka ndipo pakhosi panali cilonda cacikulu.

Usiku umenewo nyama sinandikomere. M'mawa ndinapita kwa alamu kukapepesa. Iwo anayang'ana ng'ombe yao nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anati: "Mapewa anu mwawapumitsa, alamu. Nanga khosi la ng'ombe yanga?" Mvula inagwa mu Novembala cilonda cisanapole. Caka cimeneco ndinalima munda wa alamu ndi khasu, ndipo wanga ndinabzala mocedwa. Tinakolola zocepa.

Amene anandionetsa colakwa canga ndi akazi anga. Tsiku lina anabwera ku nkhuni, natula mtolo pafupi ndi ngolo ija. Anandifunsa kuti: "Kodi bambo, ine ndikasenza mtolo, nkhata ndimaika kuti?"

Ndinayankha kuti: "Pakati."

Iwo anati: "Nanga ndikaika kumapeto?"

Pamenepo ndinazindikira. Matayala ndiwo nkhata ya ngolo. Popeza ndinawaika kumbuyo, gawo lalikulu la katundu linkatsamira pagoli, pa makosi a ng'ombe.

Ndinaphwasula ngolo yonse ndi kuyambanso. Ulendo uno ndinayamba ndafunsa akuluakulu amene anali ndi ngolo nkhondo isanayambe, ndipo ndinayesa ciliconse ndisanaceke. Nazi zimene ndinacita.

Bokosi ndinalifupikitsa. Linakhala mamita 2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kuti lisalemere ndiponso lizitha kukhota pakati pa mitengo.

Ekiselo ndinaiika kumbuyo pang'ono kwa pakati pa bokosi, ngati cikhatho cimodzi. Motero katundu amakhala pa matayala, ndipo kutsogolo kumangolemera pang'ono. Kulemera pang'onoko nkofunika. Ngolo ikalemera kumbuyo, pokwera citunda mtengo wokokera umadzuka ndipo zingwe za goli zimatsamwitsa ng'ombe.

Bokosi ndinalikweza ndi mitanda iwiri yolimba, kuti lisamagunde miyala ndi zitsa.

Kumbuyo kwa matayala ndinapacika mtengo wopingasa, ndi kukhomerapo zidutswa za tayala lakutha. Potsetsereka munthu mmodzi amayenda kumbuyo akukanikiza mtengowo pa matayala, ndipo ngolo imatsika pang'onopang'ono.

Goli ndinalipala mpaka linasalala. M'ngolo ndinayamba kusungamo pampu, cingwe, nkhwangwa ndi kacitini ka girisi.

Ndinaphunziranso kuyesa katundu ndisanamange ng'ombe. Ndikatha kupakira, ndimanyamula mtengo wokokera ndi manja anga. Ndikaunyamula mosavuta, ndiye kuti zili bwino. Ukandikanika, ndimasunthira katundu kumbuyo. Cimene candikanika ine kwa kanthawi, ng'ombe ikanayenda naco tsiku lonse.

Mauzimba aja anatha. Anthu anaculuka, minda inafika mpaka m'mapiri, ndipo moto wa m'cilimwe unathawitsa nyama. Mu 1999 boma linaika lamulo la nkhalango ndi nyama zakuthengo, loti mlenje akhale ndi cilolezo. Mkondo wanga uli kudenga, wacita dzimbiri.

Koma ngolo ilipobe. Matabwa ndasintha katatu, matayala sindiwerenga, koma ekiselo ndi yomwe ija. Imatuta manyowa, cimanga ndi mbatatesi. Inanyamulapo odwala usiku kupita nao kucipatala, m'njira zimene galimoto siifika.

Tsopano amene amayendetsa ndi mdzukulu wanga. Iye ali ndi cangu, monga ndinaliri ine. Akatha kupakira amathamangira ng'ombe. Ine ndimamuitana ndili pakhonde: "Iwe, wayamba wanyamula mtengowo?" Amabwerera akung'ung'udza, nkuunyamula.