Mphamvu Ziwiri M'batire Limodzi

Mawu oti "mphamvu" timawatuma ntchito zambiri m'Chichewa. Mfumu ili ndi mphamvu, mankhwala ali ndi mphamvu, ng'ombe yapangolo ili ndi mphamvu, ndipo wailesi ikayamba kunong'ona timati miyala yatha mphamvu. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku palibe amene amasokonezeka nazo. Koma ilipo ntchito ina imene mawu amodziwa amaphimba zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu akapanda kuzilekanitsa amataya ndalama, mwinanso kuika moyo wa mnzake pachiswe. Ntchito yake ndi yosankha batire la galimoto yoyendera magetsi. Ine ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba, osati za uinjiniya, komabe nkhaniyi ndidaionera pafupi.

Ndili ndi msuweni, amene ndimawatchula kuti achimwene poti ndi aakulu kwa ine, ndipo amaphunzira za magetsi pa yunivesite ina ku South Africa. Nditapita kukawaona pa tchuthi, ndidawapeza iwo ndi anzawo akupanga kagalimoto ka mawilo atatu kokonzekera mpikisano wa Shell Eco-marathon. Adandipempha kuti ndiziwawongolera Chingerezi cha lipoti lawo. Munthu sungawongole chiganizo chimene sukuchimva, choncho ndidayamba kukhala nawo pa zokambirana zawo, kope lili m'manja.

Mpikisanowu uli ndi mbiri yakale. Mu 1939 asayansi a kampani ya Shell ku Wood River, m'chigawo cha Illinois ku America, adabetcherana kuti aone amene angayende mtunda wautali ndi galoni imodzi ya petulo. Mu 1985 udakhazikitsidwa ku France ngati mpikisano wa ophunzira, ndipo wachitikaponso pa bwalo la Zwartkops pafupi ndi Pretoria. Kumeneku wothamanga kwambiri salandira kanthu. Wopambana ndi amene wamaliza ulendo m'nthawi yoikika atawononga mphamvu yochepetsetsa. Kwa magalimoto a batire, oyang'anira amamanga kachipangizo kotchedwa joulemeter potulukira magetsi m'batire, ndipo kamawerenga zonse zimene galimoto yadya.

Malamulo amene gululi linkatsata adali omveka. Batire loyendetsa galimoto lidayenera kukhala la lithiamu, losapitirira ma-Wh 1,000, ndipo magetsi asapose mavoti 60 pena paliponse. Lidayeneranso kukhala ndi kachipangizo kolondera, kotchedwa BMS, kodula magetsi batire likatentha, likadzaza mopyola kapena likatha mopyola. Woyendetsa adayenera kulemera makilogalamu 50 kapena kuposa, ndiponso kutha kutuluka yekha m'galimoto pa masekondi 10. Kotero batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté adatulukira mu 1859 ndipo timalidziwa bwino m'magalimoto ndi pa sola, lidagwa lisadalowe n'komwe m'bwalo. Ngakhale likadaloledwa, mabatire anayi ang'onoang'ono a mtunduwu akadalemera makilogalamu oposa 8, pa kagalimoto kolemera 40 okha.

Mkangano udayamba pamene mnyamata wina adabwera ndi ganizo looneka lanzeru. Iye adati popeza malamulo akulola ma-Wh 1,000, gulu ligule batire lalikulu ndithu kuti lisakathere panjira. Ena adavomereza. Ndani amadana ndi nkhokwe yodzaza? Achimwene sadatsutse ndi pakamwa, adangotenga choko. Ulendo umodzi wa pabwalo udali pafupifupi makilomita 16, pa liwiro la makilomita 25 pa ola. Gululi linkayembekeza kuti kagalimoto kawo kadzayenda makilomita 320 pa kWh imodzi, imene ndi yuniti imodzi ya magetsi ogula apanyumba. Tikagawa, ulendo wonse ukufuna ma-Wh 50 basi, ofanana ndi amene amakhala m'batire la laputopu. Batire la ma-Wh 1,000 likadakhala ngati kusenza thumba lathunthu la ufa pa ulendo wogona usiku umodzi. Kilogalamu iliyonse yowonjezera imakanikiza matayala pansi, mota n'kumavutika kukoka, joulemeter n'kumawerenga.

Madzulo ake ndidafunsa kuti, "Achimwene, ngati zili choncho bwanji osangotenga batire la laputopu?"

Adaseka n'kunena kuti, "Iwe, mphamvu ilimo, koma mphamvu mulibe."

Chiganizo chimenechi chidandikhala m'mutu usiku wonse, chifukwa m'Chichewa chikudzitsutsa chokha, pamene m'lipoti la Chingerezi mudali mawu awiri osiyana, energy ndi power. Oyambawo amanena za kuchuluka kwa zimene batire lasunga, ndipo muyeso wake ndi ma-Wh. Achiwiriwo amanena za kuchuluka kwa zimene batire lingatulutse pa kamphindi, ndipo muyeso wake ndi mawati. Taganizani za mtsuko waukulu wapakamwa pang'ono, ndi kachidebe kakang'ono kotseguka pamwamba. Mtsukowo wasunga madzi ambiri, koma udzu ukayaka mudzathamangira kachidebe. Mota nayo ili choncho. Galimoto ikamayenda mofatsa imamwa pang'onopang'ono, koma ponyamuka ndi pokwera kachitunda imafuna magetsi ambiri nthawi imodzi. Mota ya gululi, ya mawati 350, inkakoka ma-amp ochepa poyenda, koma ponyamuka inkayandikira 20.

Kusiyana kumeneku kumaonekera ngakhale pa miyala yofanana maonekedwe. Ndikuti miyala potsata m'mene timatchulira ya tochi, chifukwa batire la galimoto yotere ndi miyala yambiri yolumikizidwa. Wodziwika kwambiri ndi wotchedwa 18650, dzina lochokera ku msinkhu wake: mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Umalemera pafupifupi magalamu 45. Ina mwa miyalayi imasunga ma-Ah 3.5 koma imatulutsa bwino ma-amp osaposa 10. Ina imasunga ma-Ah 2.5 okha koma imapirira ma-amp 20. Wogula amene amangoyang'ana nambala yaikulu pachikuto amatenga woyambawo, ndipo galimoto ikamanyamuka mwalawo umatentha, mavoti amagwa, BMS n'kudula magetsi. Kuti athetse vutolo amayenera kuika mizere iwiri ya miyala, kulemera n'kuwirikiza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chiwerengero cha miyala nachonso chidafuna masamu. Miyala ikalumikizidwa mondondozana, mavoti ake amaphatikizana. Mwala wa 18650 ukadzaza umafika mavoti 4.2, kotero miyala 13 imapereka 54.6, miyala 14 imapereka 58.8, ndipo miyala 15 imafika 63, kuswa lamulo. Gulu linkafuna mavoti okwererapo chifukwa mavoti akakwera, ma-amp ofunika pa ntchito yomweyo amachepa, ndipo mawaya satentha kwambiri. Kutentha kwa waya ndi mphamvu yotayika, koma joulemeter imakhala itaiwerenga kale. Adagwirizana zokhala pansi pa 55 kuti pakhale mpata.

Pofika apa mitundu itatu ndiyo idatsala pathebulo. Woyamba udali LiPo, wa timatumba tofewa, umene okonda tindege touluka popanda munthu amagwiritsa ntchito. Ndi wopepuka ndipo umatulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi, koma ukabooka kapena kutchajidwa mosasamala umafufuma ndipo ungathe kuyaka. Wachiwiri udali 18650 wopirira uja: miyala 13, ma-Wh 117, kulemera kochepera magalamu 600. Wachitatu udali LFP, wa lithiamu, chitsulo ndi fosifeti, umene udachokera m'kafukufuku wa John Goodenough ndi anzake ku University of Texas m'zaka za m'ma 1990. Goodenough yemweyu adalandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino chifukwa cha mabatire a lithiamu. Mwala wa LFP umapereka mavoti 3.2 okha ndipo ndi wolemererapo, koma suyaka msanga, mavoti ake sagwa kwambiri mpaka chakumapeto, komanso umapirira kutchajidwa kambirimbiri. Miyala 15 ya ma-Ah 2.5 ikadapereka ma-Wh 120 ndi kulemera koposa pang'ono kilogalamu imodzi.

Anyamata ambiri adakonda 18650, ndipo pa pepala adali ndi mfundo, popeza udali wopepuka ndi theka la kilogalamu. Amene adasintha nkhani ndi woyendetsa, mtsikana wochepa thupi wa chaka chachiwiri, amene masiku onsewo adali chete. M'kagalimotoka munthu sakhala pampando, amagona chagada, chivindikiro chitatsekedwa pamwamba, batire lili kuseri kwa khoma lopyapyala kumutu kwake. Iye adangofunsa kuti theka la kilogalamu limeneli lidya zingati pa zotsatira. Atawerengera adapeza kuti pa makilogalamu 90 a galimoto ndi munthu, kusiyanako sikufika gawo limodzi pa magawo 100. Kenaka adanena mofatsa kuti wogona pafupi ndi batirelo ndi iye. Palibe adayankha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mutu umene udali pafupi ndi motowo ndiwo udaona chimene ena adachilumpha. Adagula LFP.

Poyeserera pa bwalo loimikapo magalimoto la pasukulupo, kagalimotoko kadamaliza makilomita 16 batire litatsala ndi zoposa theka, ndipo bokosi lake lidali lofunda pang'ono chabe. Ndalama zimene zikadapita ku batire lalikulu zidagula matayala abwino ndi thumba losagwira moto lotchajiramo.

Kwa ine wophunzira zilankhulo, phunziro lidagona pa funso limene gululi lidayamba nalo. Funso loti "Kodi batire lamphamvu kwambiri ndi liti?" lilibe yankho, chifukwa m'kati mwake muli mafunso atatu. Lisunge zochuluka bwanji? Litulutse zochuluka bwanji nthawi imodzi? Nanga likalakwika, avulale ndani? Loyamba lidayankhidwa ndi mtunda, lachiwiri ndi mota, lachitatu ndi munthu.

Mafunso omwewa amakumana ndi amalume ogula batire la sola kumsika, ndi wanjinga yamoto amene akuganiza zosamukira ku yamagetsi. Wogulitsa akangoti "ili ndi lamphamvu", wogula alibe mawu oti afunsire kuti mphamvu iti. Ena amati Chichewa ndi chosauka pa za sayansi. Ine ndikuona kuti mawu tili nawo, chimene chatsala ndi kugwirizana. Titha kunena kuti "mphamvu yosungidwa" pa zimene zimayezedwa ndi ma-Wh, ndi "mphamvu yotuluka" pa zimene zimayezedwa ndi mawati. Mwina aphunzitsi ndi anzanga m'dipatimenti muno apeza mawu afupi ndi okoma kuposa amenewa, ndipo ndingakondwe kutero. Chachikulu n'chakuti tikhale pansi ndi anzathu a uinjiniya, iwo abweretse choko, ife tibweretse makutu, kuti mwana wa Fomu 3 akamaphunzira za magetsi amve kusiyanaku m'chilankhulo chimene amaganizira.