Kalata kwa mwana wopita kukaphunzira umakaniko: bawuti ya sampu ndi washala wake

Thyolo

Mwana wanga,

Oyilo wa mu injini amakhala mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini, ndipo chomutsekera kuti asatayike ndi bawuti imodzi ndi washala mmodzi. Wophunzira umakaniko, kaya ku Soche Technical College ku Limbe, kaya m'galaja ya ku Ndirande, amayambira pa kusintha oyilo chifukwa akuluakulu amati ndi ntchito yopepuka. Kupepuka kwake n'koona, koma masampu ambiri amaonongekera pomwepo.

Bawuti imadziwika ndi manambala awiri. Yolembedwa M12 x 1.25 ndiye kuti thunthu lake ndi la mamilimita 12, ndipo mpata wa pakati pa mazinga ake ndi mamilimita 1.25. Magalimoto ambiri a Toyota odzaza m'misewu ya kuno, monga Probox, Sienta, Corolla ndi Hilux, amalandira imeneyi, chimodzimodzinso ambiri a Nissan. Honda Fit ndi Mazda Demio amafuna M14 x 1.5. Msampha uli pa kukula kwa mutu. Bawuti ya Toyota imamasulidwa ndi sipanala ya 14 pomwe thunthu lake ndi la 12. Ya Honda imafuna sipanala ya 17 pomwe thunthu lake ndi la 14. Munthu akafika pa shopu n'kungoti "ya 14", iye ndi wogulitsa angagwirizane pamene aliyense akunena chake. N'chifukwa chake makaniko wodziwa amatenga bawuti yakale m'thumba, n'kuigundanitsa ndi yatsopano mazinga kwa mazinga, kuona ngati akulowerana popanda mpata woonekera kuwala. Palinso M12 x 1.5 ya magalimoto ena a ku Ulaya, imene pa Toyota imalowa pang'ono kenako n'kulimba. Woikakamiza ndi sipanala amadula mazinga a sampu.

Choncho bawuti imayambidwa ndi zala, ndipo iyenera kuyenda mosavuta mpaka washala atakhudza sampu. Ikakana isanafike, yalowa mopendama kapena si yake.

Chimene chimatseka oyilo si mazinga, ndi washala. Iye amapangidwa ndi chitsulo chofewa kuti bawuti ikamangidwa aphwanyike pang'ono n'kudzaza timipata tosaoneka ndi maso pakati pa mutu wa bawuti ndi sampu. Wa Honda ndi wa aluminiyamu, wafulati. Wa Nissan ndi wa kopa wopindidwa, amene amaphwanyika akapanikizidwa. Mabawuti ena amabwera ndi labala yawoyawo pansi pa mutu, ndipo labalayo ikang'aluka kapena kuuma, njira yabwino ndi kugula bawuti yonse. Washala akaphwanyika kamodzi amauma, ulendo wachiwiri satsekanso bwino, motero oyilo watsopano amayenda ndi washala watsopano. Bowo lake lifanane ndi thunthu la bawuti: wa 14 pa bawuti ya 12 amakhala chambali, oyilo n'kumadutsa. Kawirikawiri wakale amakakamira pa sampu, atada bii ndi oyilo moti saoneka. Wosapapasa ndi chikhadabo amaika watsopano pamwamba pake, ndipo mawashala awiri amadontha.

Kuno ku maesiteti shopu ili kutali, ndipo thirakitala yonyamula masamba a tiyi singadikire munthu wopita ku Limbe. Washala wa kopa wafulati angathe kugwiranso ntchito akaotchedwa mpaka kufiira, kenako n'kuzizira, chifukwa moto umafewetsanso kopa; akatero amapalidwa pa sandipepa kuti asalale. Wa aluminiyamu ndi wopindidwa uja satheka choncho, ndi otaya basi. Komabe mtengo wa washala sufika ngakhale pa wa lita imodzi ya oyilo, ndiye wosunga angapo m'kabotolo savutika ndi moto.

Kumanga kuli ndi muyeso wake. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ndi pakati pa 30 ndi 40 Nm, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku la galimotoyo. Pamene palibe torque wrench, sipanala yoyezera mphamvu yomangirayi, sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi n'zokwanira. Chizolowezi chovekera paipi ku sipanala kuti bawuti "igwire" n'choipa, makamaka pa sampu ya aluminiyamu, imene mazinga ake ndi ofewa kuposa a bawuti. Pomasula ulendo wotsatira, timizere tonyezimira timatuluka titakulunga bawuti, ndipo amenewo ndi mazinga a sampu. Zikafika apo pali njira zitatu: kuboola n'kulowetsa mazinga atsopano a waya otchedwa Helicoil, kudula mazinga a bawuti yokulirapo, kapena kusintha sampu. Kukulunga tepi ya mapaipi a madzi, ulusi wa thumba kapena kumata silikoni n'kungobisa vuto, ndiponso zidutswa zake zikagwera mkati zimatseka sefa ya pampu ya oyilo.

Ku Thyolo kudontha pang'ono si nkhani yaing'ono. Misewu ya m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makwasa ndi Naming'omba ndi ya zitunda ndi zigwa. Oyilo akachepa, galimoto ikamakwera kapena kutsetsereka amathawira mbali imodzi ya sampu, pampu n'kukoka mpweya, ndipo nyali yofiira ya oyilo ikamayaka injini imakhala itayamba kale kudyeka. Nyengo ya mvula, pamene tiyi amathyoledwa kwambiri ndipo masamba ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, matope amaphimba sampu ndipo dontho silioneka. M'chilimwe fumbi lonyowa kuzungulira bawuti ndilo limaulula. Miyala nayo imagunda mutu wa bawuti; wophwanyika ngodya asinthidwe sipanala isanayambe kuterereka.

Pali mabawuti a maginito kunsonga, ogwira tizitsulo toyandama mu oyilo. Phala lakuda losalala pa maginito n'lachibadwa. Tizidutswa tomveka ku chala ndi chizindikiro choti mkati mwa injini muli chodyeka.

Oyilo akathiridwa, injini ilizidwe kwa mphindi zingapo, izimitsidwe, ipume pang'ono, kenako dipisitiki ionedwe galimoto ili pamalo osapendama. Pa bawuti ndi pa fyuluta papukutidwe ndi kansalu koyera, ndipo m'mawa mwake payang'anidwe pansi pamene galimoto inagona. Oyilo wakuda asungidwe m'chigubu chotseka, asatayidwe m'ngalande, pakuti ngalande za kuno zimathera m'mitsinje monga Nswadzi, mmene anthu amatunga madzi.

Ndine bambo ako.