Nyamakazi imagwiranso ana

Makolo anzanga, ndakhala namwino zaka zoposa 30, koma mwana wa mchimwene wanga ku Kawale atayamba kutsimphina ali ndi zaka 9, ine ndemwe ndinati ndi ulesi wothawa sukulu. M'mawa maondo amauma, ngakhale kumanga mabatani a yunifolomu kumamukanika. Pofika masana n'kumasewera fulaye ndi anzake. Ndiye tikanamukhulupirira bwanji?

Chonsecho chimenecho ndicho chizindikiro chake. Nyamakazi ya ana imayamba mwana asanakwane zaka 16. Chitetezo cha m'thupi chimaukira molumikizirana mafupa, malowo n'kutupa kwa milungu yoposa 6. Kuuma kumakula m'mawa, thupi likatenthedwa kumachepa. Nthawi zina imalowa m'maso mwakachetechete, choncho mwana wotere azipimidwanso maso.

Alamu anga anathamangira kwa asing'anga. Mphini anamutema maondo onse, ndipo agogo ena oyandikana nawo anatchulidwa ufiti popanda chifukwa. Nanenso ndinkangomupatsa panado. Zaka zinapita choncho, ndipo izi zimandiwawa mpaka lero, poti mankhwala alipo. Pali methotrexate, womwa kamodzi pa mlungu moyang'aniridwa ndi dokotala, amene amateteza mafupa ngati wayambidwa msanga.

Pofika zaka 19 fupa la m'chiuno linali litadyeka, mtsikana akuyendera ndodo. Madokotala anati njira yotsala ndi opaleshoni: kuchotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo. Ena amaganiza kuti zimenezi n'za ku Joni kapena ku India kokha. Ayi. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, chinaika zitsulozi kwa Amalawi ambiri, ndipo mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central pompano.

Koma musamve ngati n'kusintha tayala. Madokotala amadikira kuti mwana asiye kukula. Chitsulonso chimatha, ndiye woikidwa ali wachinyamata adzabwereranso ku fiyeta, mwina kangapo, ndipo opaleshoni yachiwiri ndiyo yovuta. Nthendanso yeniyeniyo sichoka, mankhwala amapitirira.

Chinanso, bondo la mwana likatupa mwadzidzidzi, likutentha, thupi lonse moto, musadikire milungu 6. Mwina muli mafinya. Tsiku lomwelo kuchipatala.

Wathuyo anachitidwa opaleshoni ali ndi zaka 22. Ndodo anataya, pano amasoka zovala. Atapeza mbeta yake ya moyo, akuchimuna anandikokera pambali pa chinkhoswe: "Anamwino, tiuzeni zoona, wachitsulo m'chiuno angabereke?" Ndinawauza kuti inde, chitsulo sichitseka njira ya mwana. Choopsa ndi methotrexate, amene amavulaza khanda m'mimba, ndiye asanaganize zoima ayambe akambirana ndi dokotala za kusintha mankhwala. Mwamuna wake anamuperekeza yekha kukamva zimenezo, atanyamula kope lolembamo.