Parcel yatsika pa Katete Stores, manje ili m'manja mwa ndani?

Ngati mumagulitsa mawigi, nsapato kapena madiresi pa WhatsApp status ndi pa Facebook, mukudziwa kale kuti kupeza kasitomala si nkhani masiku ano. Chithunzi chabwino, mtengo, nambala ya Airtel Money kapena MoMo, ndalama yalowa. Mutu umayamba kuwawa pamene katundu ali mu Kamwala, inu muli ku Katete, ndipo amene walipira akudikira ku Sinda kapena ku Vubwi.

Ine ntchito yanga ndi kulemba za oimba ndi ma show, koma nkhani ya ma parcel ndaiphunzira kunyumba. Mng'ono wanga ali ndi kashopu ka pa foni kuno ku Katete, ndipo ndikakhala ku Lusaka ndine amandituma ku Intercity m'mawa kusanache. Ndiye mundimvere pang'ono.

Ambiri timayamba ndi funso lakuti ni zingati. Ine ndimayamba ndi lina: basi ikaima pa Katete Stores, ndani amatsitsa katunduyo, ndipo amamusunga kuti? Kuchoka ku Lusaka kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, koma pa Luangwa Bridge kapena pa Nyimba si pamene katundu amasowera kawirikawiri. Amasowa m'mphindi zochepa zija basi yaima, anthu akutsika, ogulitsa nthochi akukuwa pa mawindo, kondakita akukangana ndi wina za chenji. Katete si mathero a ulendo. Basi ikupita ku Chipata, ina mpaka ku Lundazi, ndipo sidikira munthu.

Kupatsa kondakita pamanja ndi kotchipa komanso kofulumira, palibe amene angakane. Koma kulibe pepala. Chaka chatha amene amamuoda katundu mng'ono wanga anatumiza diresi ya kitchen party mwa njira iyi, Lachisanu, mwambo uli Loweruka. Foni ya kondakita inazima, basi inadutsa, diresi inakagona ku Chipata ndipo inabwera Lolemba. Ndalama anabweza, koma mayi uja anali atalemba kale mu gulu la azimayi kuti mtsikanayu ndi kawalala. Katete ndi tauni yaing'ono, mwandi. Kondakita palibe amene anamutchula. Dzina limene linayenda m'mafoni ndi la shopu.

Ndiye chifukwa chake ine ndimakonda ofesi ya ma parcel ya kampani ya basi kuposa munthu mmodzi wovala yunifomu. Mumalipira mowonjezera pang'ono, koma amakupatsani risiti. Musangoipinda n'kuika m'thumba: afunseni kuti katundu akasowa kapena akaphwanyika amalipira zingati, chifukwa ena amati zili kwa inu eni ake. Afunseninso ngati ku Katete ali ndi ofesi kapena ejenti amene amasunga katundu, kapena mufunika kuimirira pa msewu dzuwa lonse kudikira basi. Ngati yankho likuzungulira, pitani pa windo lina. Pa Intercity mawindo ndi ambiri.

Makampani a courier nawo alipo, ndipo amalemba pa Facebook kuti amafika dziko lonse. Dziko lonse la ena limathera pa Chipata. Enanso amatenga parcel yanu n'kukaikweza pa basi yomweija, mtengo wokha ndiwo wasintha. Si kulakwa, bola akuuzeni poyera ndipo akhale ndi udindo. Amene amapereka chilolezo kwa a courier ndi ZICTA, pansi pa lamulo la Postal Services Act la 2009, choncho kufunsa laisensi si chipongwe. Zampost musaiiwale: EMS imakupatsani nambala yotsatira katundu, ndipo positi ofesi sithawa ngati basi. Koma imatseka pa nthawi yake, ndiye ya Loweruka musaitumize Lachisanu.

Bokosi lenilenilo lichitireni ulemu. Lembani KATETE ndi zilembo zazikulu mbali zonse, manambala a foni awiri, osati imodzi chabe. Jambulani bokosi, risiti ndi nambala ya basi, mutumizire kasitomala nthawi yomweyo. Munthu amene waona chithunzi amadikira mwamtendere. Amene mwangomuuza kuti "ili mu njira" amayamba kuimba pa ola lililonse.

Kumapeto kwa Ogasiti, nthawi ya Kulamba ku Mkaika, maoda amachuluka maningi. Aliyense afuna chitenje chatsopano, nsapato zatsopano, tsitsi latsopano pokaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Mabasi amadzaza, pansi pa basi pamadzaza, ndipo kabokosi kanu kamakankhidwira kumbuyo kwa masaka. Tsekani maoda sabata imodzi mwambo usanafike. Amene wabwera mochedwa muuzeni zoona, kuti simungalonjeze.

Sinda ndi yosavuta: ili pa msewu waukulu womwewo, basi yochokera ku Lusaka imayamba kudutsa kumeneko isanafike ku Katete. Katundu wa kasitomala wa ku Sinda atsikire komweko, osati kumubweretsa kuno kuti mumubwezenso ndi ndalama ina. Vubwi ndi nkhani ina. Mabasi aakulu a pa Great East sadutsako, njira ndi ya ku Chipata kapena ku Chadiza, ndipo mvula ikayamba ulendo umatalika. Kumeneko mufunika dalaivala mmodzi kapena wa njinga yamoto mmodzi amene mumadziwa kwawo, osati amene mwamupeza pa siteshoni lero. Mtengo wake muuike pamodzi ndi wa katundu kasitomala asanalipire. Mng'ono wanga ku Vubwi amatumiza kamodzi pa sabata, Lachitatu, maoda onse m'katoni imodzi, ndipo wofuna mwamsanga amabwera yekha kudzatenga.