Ukwati wa ku Joni tinauonera pakhonde

Ena munalipo Loweruka lija pamene ndinachita manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ena mwangomva kuti laputopu yanga yafa ndipo ukwati wa mwana wathu wadyedwa ndi vairasi. Nde lero ndati ndilongosole ndekha, mwina wina zimuthandiza.

Mukudziwa kuti mwana wa mlongo wanga anakwatiwa ku Johannesburg. Mwana ameneyu analeredwa ndi amayi kuyambira asanayambe sukulu. Ine monga malume wake ndinayenera kukakhalapo, koma pasipoti ndilibe, ndipo ndalama ya basi ndinali nditasungira feteleza. Amayi nawo miyendo siwalola ngakhale kufika kuchigayo. Choncho mlongo wanga anapatsira fulashi mnyamata wina amene amabwera kumudzi, mmenemo muli vidiyo yonse ya ukwati.

Fulashi inafika Lachinayi. Ine osadziwa, mwana wanga wa Fomu 2 anaitenga Lachisanu n'kupita nayo pa trading kwa anyamata obena nyimbo aja kuti amuikiremo nyimbo zake.

Loweruka madzulo amayi anavala chitenje chatsopano ndi duku ngati akupitadi ku ukwatiwo. Anthu anadzaza pakhonde, ana pamphasa. Nditalowetsa fulashi, mafoda onse anali ndi kamuvi pakona. Kudina, palibe chotseguka. Kudinanso, zii. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali kamphepo. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi. Amayi anangoti, "Palibe kanthu mwana wanga, mwina sikunalembedwe kuti ndimuone atavala zoyera." Mawu amenewo sanandigonetse tulo.

Mmawa wake mnyamata wina anandiuza kuti mankhwala ake ndi kufomata basi. Mwamwayi ndinayamba ndaimbira mwana wanga wamkulu wa ku Lilongwe, amene amagwira ntchito za makompyuta. Anachita kukuwa pafoni. "Bambo, musafomate! Mukafomata ndiye mwafufuta zonse. Vairasi imeneyo siidya mafayilo, imangowabisa n'kuika ma shortcut m'malo mwake. Ndipo musiye kudina timafoda ta kamuvito, podina paja ndi pamene mukuilowetsa mu laputopu." Ine ndinali nditadina kaya kangati kkkk.

Anandiuza kuti ndiyambe ndasesa laputopu ndi fulashi yomwe pogwiritsa ntchito Windows Security. Kenako ananditumizira pa WhatsApp mawu oti ndilembe mu Command Prompt, kasikirini kakuda kaja. Ndinakopera chilembo ndi chilembo ngati mwana wa Sitandade 1: attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo E ameneyo ndi chilembo chimene laputopu inapatsa fulashi yanga, kwa inu chikhoza kukhala china. Nditadina Enter, mafoda enieni anabwerera. Ukwati uli momwemo, wathunthu. Chinthu choyamba ndinaukopera mu laputopu kuti ukhale malo awiri.

Ndinkaganiza kuti zatha. Ayi ndithu. Windows Media Player inakana kuonetsa chithunzi. Mwana uja anati ndiike VLC, pulogalamu yaulere ya chizindikiro chonga chipewa chosongoka chija amaika pamsewu akamakonza. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola pomwe netiweki imagwira bwino, ndi kabandulo kochepa inatsika. VLC inatsegula vidiyo, koma mkwatibwi amayenda modumphadumpha. Kuima, kudumpha, kuimanso, uku mawu akupitirira okha. Patapita mphindi ngati 15 laputopu inangozima yokha, pansi pake pakutentha ngati chiwaya.

Apa panali mavuto awiri. Loyamba linali langa. Laputopu imeneyi ndimalembera za kumunda, ndipo nthawi yotonola chimanga imakhala pomwepo, pamwamba pa thumba. Usiku ndimaiika pamatiresi. Kumeneko ndi kuitseka mphuno, chifukwa mpweya umalowera pansi n'kutulukira m'mbali. Ikatentha kwambiri imayamba yachepetsa liwiro, ikaona kuti sizikuthandiza imazima kuti isapse. Ndinaizimitsa, kuchotsa chaja ndi batire, kugwira fani ndi kamtengo ka machesi kuti isazungulire, kenako kupopera mpweya pang'onopang'ono ndi pampu ya njinga. Anthuni, fumbi limene linatuluka mmenemo! Osauzira ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Panopa imakhala patebulo, kumbuyo kwake ndaika zitsekerero ziwiri za botolo kuti pansi pazipita mphepo.

Vuto lachiwiri linali la kwa inu a m'tauni. Vidiyo inajambulidwa ndi foni yatsopano pa 4K, mumtundu wotchedwa HEVC. Mwana wanga anandifotokozera kuti chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, pomwe cha 720p chili ndi 1280 ndi 720. Ndiye kuti katundu wake ndi wochuluka ka 9. Laputopu yakale ngati yanga siingasenze, ndipo sikirini yake siingaonetse n'komwe timadontho tonseto. Kuli ngati kukweza matumba 9 pa njinga ya thumba limodzi.

Njira yake inali kuichepetsa. Tinaika pulogalamu ina yaulere, HandBrake, n'kusankha pamene palembedwa Fast 720p30. Iyi imapanga fayilo ina yatsopano, yoyamba ija siikhudza. Koma imadya nthawi ndi moto. Kuno timadalira sola ndi batire ya galimoto, choncho ndinaiyambitsa Lachiwiri mmawa dzuwa litakwera, ndikupita kudimba. Pobwera masana inali isanamalize, inatha chakumadzulo. Ndaphunziranso kuti laputopu ikakhala pa batire yake yokha, Windows imachepetsa mphamvu kuti moto ukhalitse. Pofuna kuonera vidiyo yaitali, ikhale pa chaja, ndipo mapulogalamu ena onse atsekedwe.

Chotsala chinali mawu. Makutu a amayi anayamba kulemera, ndipo timasipika ta laputopu timangolira ngati udzudzu. VLC imalola kukweza kupitirira 100, koma mawu amasweka ndipo mukhoza kuononga timasipikato. Tinayesa sipika ya Bluetooth ya aneba, koma pakamwa pamayamba kuyenda, mawu n'kumabwera pambuyo. Mu VLC muli mabatani awiri, J ndi K, osunthira mawu kutsogolo kapena kumbuyo pang'onopang'ono mpaka agwirizane ndi milomo. Zinatheka, komabe mapeto ake ndinagula kachingwe ka aux n'kulumikiza ku wailesi yathu yakale ija. Mawu anamveka mpaka kumjigo, popanda kuchedwa kulikonse.

Lachitatu sindinaitane anthu, ndinaopa manyazi achiwiri. Tinakhala ife a m'nyumba basi. Amayi sanavalenso chitenje chatsopano, anabwera ndi cha kumunda. Mkwatibwi atatulukira, anati, "Taimitsa." Ndinadina batani lalitali lija. Anasendera pafupi, kuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako kugwira sikirini ndi chala. "Wanenepa," anatero. Tinaseka tonse. Koma chakumapeto, mwana uja atapatsidwa maikolofoni, anasiya Chingerezi n'kulankhula Chichewa, kuthokoza agogo ake amene anamulera ndi ndalama ya mandasi. Pamenepo palibe anaseka. Amayi anandiuza kuti ndibwezere malo amenewo katatu. Ndikanafomata fulashi ija Lamulungu, mawu amenewa sakanawamva mpaka wina adzabwerenso kuchokera ku Joni, ndipo pa msinkhu wawo sindikonda kuwerengera za chaka chamawa.

Tsono pempho langa. Inu a ku Lilongwe, Blantyre, Joni ndi kwina konse, mukamatitumizira mavidiyo a maukwati, zinkhoswe kapena maliro, muzikumbukira makina amene tili nawo kuno. Chepetsani ikhale 720p, ya MP4, ndipo musafufute yanu mpaka titakuuzani kuti taonera. Inu anzanga a kumudzi, fulashi ya zinthu za banja isamapite kobena nyimbo, gulani ina ya nyimbo. Chinthu chikafika, koperani malo awiri tsiku lomwelo. Ndipo wina akakuuzani kuti fomatani, yambani mwafunsa munthu wachiwiri.

Mnyamata wa Fomu 2 uja tinakambirana, nkhani yake inathera kudimba ndi khasu. Loweruka lino tionetsanso ukwati pakhonde, nthawi ya 5 koloko batire isanatsike. Bwerani ndi mipando yanu. Amayi ati chitenje chija achitanso ayironi.