Banjo ya ku Nayuchi

Pa siteshoni ya Nayuchi, pomwe njanji imatuluka m'boma la Machinga kulowa ku Entre Lagos m'dziko la Mozambique, pali mnyamata wina amene amaimba banjo ya chigubu. Anaikonza yekha, ndipo nsambo zake ndi mawaya a mabuleki a njinga. Tsiku lina anamva pa wailesi kuti kunja kuli mabungwe ndi masukulu amene amaitana aluso, kuwalipirira ulendo, pogona ndi chakudya, kuti akakhale miyezi ingapo akugwira ntchito ndi anzawo a kumeneko. Chimvereni nkhaniyo, banjo ija inayamba kumchititsa manyazi. Mumtima mwake ankati woitanidwa kotere ayenera kukhala wa gitala ya magetsi, woimba ngati Azungu.

Amalume ake ataona kuti banjo yangoti zii pakhoma, anamuitana. "Mphwanga," anatero, "mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kodi adzakuitanirenji ngati ukawapatsa zomwe ali nazo kale?"

Tsono anamufotokozera za a Donald Kachamba a ku Chileka. Iwowa ali mwana ankaimba nyimbo za kwela m'misewu ya Blantyre pamodzi ndi mkulu wawo, a Daniel. M'chaka cha 1967 anakumana ndi a Gerhard Kubik, katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, amene anaima n'kumvetsera pamene ena ankangodutsa. Kwela yomweyo inali mlendo: inachokera ku South Africa, koma anyamata a ku Chileka anaithira mchere wakwawo. Patapita zaka zambiri, m'chaka cha 1999, yunivesite ya UCLA ku Los Angeles inaitana a Donald kuti akakhale kumeneko. Sanapite kukapempha nzeru ayi. Anapita ngati mphunzitsi, ndipo ophunzira a ku America anakhala pansi kuphunzira chitoliro ndi magitala a kwela, mpaka anajambula nawo chimbale. A Donald anamwalira mu 2001.

Amalume anatchulanso Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo yakhala ikukaimba nyimbo za Chichewa ku Italy.

Mnyamata uja anamvetsera mwaulemu, koma sanali wogona. Anaona kuti m'nkhani zonse ziwirizo munali munthu amene anayamba wamva, kenaka n'kutsegula khomo. Masiku ano khomolo limafuna kalata ya Chingerezi chosalala, intaneti yotumizira nyimbo, ndi pasipoti, zinthu zimene kwa mwana wa mlimi wa m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta si zapafupi. Ichi n'chilema cha maulendowa: kawirikawiri amagwera amene ali kale pafupi ndi tauni.

"Amalume," anafunsa, "nanga kuno adzandimva ndani? Sitima zambiri zodutsa pano zimanyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala."

Amalume anakanda m'mutu. Madzulo ake mnyamatayo anatsitsa banjo pakhoma, nabwereka foni ya mnzake, n'kujambula nyimbo ziwiri, imodzi m'Chichewa, ina m'Chiyao.